Zimene Chithunzi cha M'mutu Sichinena

Ndaphunzitsa masamu ku sekondale kwa nthawi yaitali, moti ena mwa ana amene ndinkawakalipira chifukwa cha mafulakishoni pano ali ndi imvi. Manambala sindiwaopa. Koma ilipo imodzi imene yandisowetsa tulo chaka chino, ndipo ndi yaing'ono yochititsa manyazi: 2 pa 100 pa chaka. Anandiuza ndi mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ataimva kwa dokotala wa za ubongo. Tanthauzo lake n'lakuti mukasonkhanitsa anthu 100 amene ali ndi vuto ngati lake m'mutu, pomatha chaka awiri mwa iwo mtsempha udzakhala utaphulika, magazi n'kukhera mu ubongo. Enawo 98 adzadya Khirisimasi bwinobwino. Dokotalayo sananene kuti mwana wathu ali mbali iti, chifukwa palibe makina pa dziko lino amene angamuuze zimenezo.

Zinayamba ndi kugwa. Tsiku lina ali pa ntchito anangoona dzanja lamanja likugwedezeka lokha, mawu akukanirira kukhosi, kenako anadzidzimuka ali pansi, anzake atamuzungulira, lilime atadziluma. Kwathu kuno tikanati ndi khunyu, ndipo sipakanalephera wina wonong'ona kuti alipo amene wamuponyera chifukwa cha marandi amene amatumizira mayi ake. Kumeneko anathamangira naye ku chipatala, ndipo poti munthu wamkulu sangoyamba kugwa popanda chifukwa, anamujambula mutu.

Chimene anapeza madokotala amachitchula ndi zilembo zitatu, AVM. Amene anafikako pa sikimu ya mpunga, kaya ku Domasi kaya ku Limphasa, amadziwa kuti madzi sachoka mu ngalande yaikulu n'kukagwera mu ngalande yotayira nthawi yomweyo. Amayamba agawikana m'timingalande tambirimbiri, alowa m'mapuloti, mphamvu yawo iphwa, mpunga umwa, otsalawo n'kumatuluka mwaulesi. Magazi nawo amayenda choncho. Mitsempha yochokera ku mtima ndi yokhuthala khungu chifukwa imanyamula magazi othamanga mwamphamvu. Imagawikana mpaka kusanduka timitsempha tosaoneka ndi maso, ndipo m'menemo ndi mmene ubongo umatengera mpweya ndi chakudya. Magazi akaphwa mphamvu amalowa m'mitsempha yobwerera ku mtima, imene khungu lake ndi lopyapyala. Mu AVM timitsempha tapakati tija mulibe. Pamalo pake pali chimtolo cha mitsempha yolukanalukana, ndipo magazi amadutsamo ndi liwiro lawo lonse n'kukathira m'mitsempha yopyapyala ija. Iyo imatupa, imakhotakhota, ndipo tsiku lina ikhoza kung'ambika. Ubongo woyandikana ndi chimtolocho umasokonezeka, n'chifukwa chake ena amayamba kugwa. Pafupifupi theka la odwala amadziwika magazi atakha kale. Mwana wathu anali m'gulu linalo, la amene thupi lawachenjeza kusanaipe.

Achemwali atamva, funso lawo loyamba silinali la mankhwala. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kodi n'chimene ndinadya ndili woyembekezera?" Ayi ndithu. Kwa zaka zambiri mabuku ankangoti munthu amabadwa nazo, koma mu 2018 akatswiri atapima ma AVM ochotsedwa m'mitu ya odwala anapeza kuti ambiri anali ndi jini yotchedwa KRAS itasinthika m'maselo a mitsempha yokhayo, thupi lonse lili bwinobwino. Ndiye kuti si chinthu chimene mayi amapatsira mwana, kapena chimene mwana wathuyu adzapatsire ake. Ulipo mtundu wina wosowa umene umayendadi ku mtundu, ndipo chizindikiro chake ndi kamfuno wosatherapo mwa abale angapo. Dokotala anafunsa zimenezo. Kwathu kamfuno ndi wa ana osewera padzuwa mu Okutobala basi.

Zithunzi zinandipeza pa WhatsApp, ndipo ndinkaziona nditavala magalasi owerengera, ndikukulitsa ndi zala ziwiri pa foni yanga yong'aluka. Zoyamba zinali za CT. Makina amenewa amazungulira mutu ndi X-ray n'kuuonetsa m'magawo opyapyala mpaka paliwombo. Satenga nthawi, mphindi zochepa munthu watuluka, ndipo ntchito imene amaidziwa kwambiri ndi kugwira magazi ongokha kumene, amene amaoneka oyera mbee pakati pa ubongo wotuwa. N'chifukwa chake munthu wobwera ndi mutu woopsa mwadzidzidzi amayambira pamenepa. Mwa mwana wathu choyera munalibe. Munali kachigamba chabe chakumanzere, kamene ine sindikanakaona akanapanda kukazunguliza ndi mzere wofiira. Wodwala woyamba kulowa m'makina otere anajambulidwa ku London mu 1971, m'makina amene anapanga Godfrey Hounsfield, koma masamu ake anali atayamba kale kuwasinkhasinkha payekha Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg komweko, pamene ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1979. Ndinamuuza mwanayo zimenezi pofuna kumuseketsa. Anangoti, "Amalume, inu ndi masamu anuwo."

Zachiwiri zinali za MRI, makina a maginito amphamvu amene salola kachitsulo kalikonse pafupi, ngakhale pini ya m'tsitsi. Munthu amagona m'kati mwake mopanikizika kwa theka la ola kapena kuposa, m'makutu muli gogogo, osaloledwa kugwedezeka. Apa ndiye chinthucho chinaonekera poyera: timadontho ndi timizere takuda bii titaunjikana pamodzi. Timada chifukwa magazi othamanga kwambiri amachoka pamalopo makina asanawagwire, ndiye pamatsala mdima. MRI imaonetsa malo enieni, ngati chimtolocho chakhala pafupi ndi mbali ya ubongo yoyendetsa dzanja, yoonera kapena yoyankhulira. Imagwiranso zipsera za magazi amene anakha kalekale mwini wake osadziwa, chifukwa ayironi wa m'magaziwo amatsalira pomwepo. Ndipo imasiyanitsa zilema za mitsempha zimene anthu wambafe timangoziphatikiza. Cavernoma, mwachitsanzo, ndi kagulu ka timitsempha totakasuka toyenda magazi pang'onopang'ono. Kakakha nthawi zambiri kamakha pang'ono, ndipo ndi MRI imene imakaona bwino. Palinso mitsempha yobweza magazi imene inangoyalidwa mwachilendo koma ntchito ikugwira. Imeneyo ali nayo anthu ambiri, saichotsa, ndipo kuichotsa ndi kumene kungavulaze. Munthu akangomva zoti m'mutu mwake muli vuto la mitsempha, n'kuthamangira pa intaneti asanafunse dzina lake lenileni, amatha kulira maliro a matenda a eni ake.

Chachitatu ndi chimene chinandigwira mtima. Madokotala amati angiogram, ndipo mpaka lero ndi imene imagamula mlandu. CT ndi MRI kwenikweni zimaonetsa chinthu chitaima, pamene iyi imaonetsa magazi akuyenda. Mwanayo anandifotokozera yekha mmene zinakhalira. Anamugoneka ali maso, anamubaya jakisoni wa dzanzi m'mphechepeche mwa ntchafu, n'kulowetsa kachubu koonda mu mtsempha waukulu, n'kumakakankha pang'onopang'ono kudutsa m'mimba ndi m'chifuwa mpaka m'khosi. Kachubuko akuti sankakamva n'komwe. Chimene ankamva ndi pamene dokotala wanena kuti "musapume, musameze malovu," n'kupopera mankhwala oonetsa mitsempha: kutentha kumathamanga mbali imodzi ya nkhope, m'diso n'kuthwanima timoto, masekondi angapo zatha. Kenako maola angapo ali chigonere chagada, mwendo osaupinda, kuti pabala pasachuche. Makinawo amatenga zithunzi zingapo pa sekondi imodzi, kompyuta n'kuchotsapo mafupa a mutu, kutsala mitsempha yokhayokha. Anatumiza kavidiyo kake. Mwa munthu wabwinobwino mumaoneka dongosolo: mitsempha yobweretsa magazi imada koyamba, kenako ubongo wonse umachita kamthunzi, pomaliza yobweza ija. Mwa iye, yobweretsa isanamalize n'komwe kudzaza, mtsempha umodzi wonenepa wobweza magazi unali utada kale. Ndinakabwereza kambirimbiri kavidiyoko. Ngakhale munthu wosalowa m'kalasi ya udokotala ngati ine amatha kuona ndi maso ake kuti apa magazi adutsa chidule.

Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Egas Moniz, dokotala wa ku Lisbon, mu 1927. Manja ake anali atapindika ndi matenda a gout, moti wobaya anali mnzake wachinyamata, Almeida Lima, ndipo ankabaya mtsempha wa pakhosi penipeni. Zodzera kutali ndi kachubu zinaphweka Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden atapeza njira yokalowetsera motsata kawaya mu 1953. Moniz anadzalandira Nobel mu 1949, koma osati chifukwa cha ntchito yabwinoyi ayi. Anamupatsira opaleshoni yodula ubongo wa odwala misala, imene pano inasiyidwa ndipo imatchulidwa ndi manyazi. Angiogram nayo ili ndi ngozi zake. Mwa odwala ochepa kwambiri, osakwana mmodzi pa 100, imasiya sitiroko yokhalitsa. N'chifukwa chake sangoichita pofuna kukhutiritsa abale.

Pa zithunzi zonsezi dokotala amasakapo zinthu zimene zimakweza kapena kutsitsa 2 uja. Choyamba ndiponso chachikulu n'chakuti, kodi inakhapo kale? AVM imene yakhapo imakhanso mosavuta, makamaka chaka choyamba. Kenako amaona ngati ili m'kati mwenimweni mwa ubongo kapena chapamwamba, ngati magazi ake amatulukira m'mitsempha ya m'kati yokhayokha, komanso ngati pa mitsempha yoidyetsa kapena m'chimtolo momwemo muli katumphu kofufuma kamene amati aneurysm. Madokotala a ku Columbia ku New York anasindikiza mu 2006 zimene anaona mwa odwala 622. Kwa amene AVM yawo inali isanakhepo, yosazama, yosatulukira m'kati, chiopsezo chinali 0.9 peresenti pa chaka. Kwa amene zitatu zonsezo zinawagwera chinali 34.4 peresenti. Dzina la matenda limodzi, koma mmodzi akhoza kukagona mtima uli m'malo, winayo sayenera kuchedwa. Ndiye 2 pa 100 uja ndi avereji chabe, ndipo ine ndakhala ndikuuza ana m'kalasi kuti mwana wa avereji sapezeka pa rejisitala. Ku Finland, kumene anatsatira odwala 160 osachitidwa opaleshoni kwa zaka pafupifupi 24, anapeza 4 peresenti pa chaka, koma ambiri mwa iwo anali oti anafika ku chipatala magazi atakha kale. Ya mwana wathu inali isanakhepo, ili chapamwamba, imatulukira m'mitsempha ya pamwamba, ilibe aneurysm. Dokotala anati nambala yake ili chapakati pa 1 ndi 2.

Apa ndi pamene uphunzitsi unandipweteka. Munthu wina akamva 2 pa 100 mtima umakhala pansi. Ine ndinatenga pensulo. Chiopsezocho sichitha ndi chaka chimodzi. Januwale aliyense chimayambiranso. Mwayi wodutsa chaka osakha ndi 0.98, wa zaka ziwiri ndi 0.98 kuchulukitsa ndi 0.98, n'kumapita choncho, masamu omwe aja a chiwongoladzanja. Pa zaka 10 chiopsezo chimakwana 18 peresenti. Pa zaka 50 chimafika 64 peresenti. Mukatenga nambala yachifundo ija ya 1 pa 100, pa zaka 50 chimakhala pafupifupi 40 peresenti. Ine ndi imvi zangazi, AVM yotere ndikhoza kulowa nayo m'manda isanandiyambe, n'kufa ndi shuga kapena BP ngati anzanga. Kwa mwana amene sanakwanitse zaka 30 nkhani ndi ina. Masamu amenewa ali ndi pofooka pake, ndikudziwa. Amatenga ngati chiopsezo sichisintha moyo wonse, ndiponso ngati madokotala a zaka 20 zikubwerazi adzakhala ndi zida zomwezi za lero. Komabe 64 ukailemba papepala siifufutika msanga m'maso.

Kukha kwakenso si kumodzi. Ena amamva mutu waukulu, agona m'chipatala milungu ingapo, n'kubwerera ku ntchito. Pafupifupi mmodzi pa 10 amamwalira. Pakati pa awiriwa pali khamu la otsala ndi dzanja lofooka, mwendo wokoka kapena lilime lolemera. Jill Bolte Taylor, katswiri wa ubongo wa ku Harvard, AVM yake inaphulika kumanzere m'mawa wa pa 10 Disembala 1996, ali ndi zaka 37. Pa maola ochepa anali asakuthanso kuyenda, kuyankhula, kuwerenga kapena kulemba. Mayi ake anabwera kudzamusamalira n'kumuphunzitsanso kuwerenga, ndipo mwini wake, m'buku lake la My Stroke of Insight, amati zinamutengera zaka 8 kuti achire. Anthu amakonda kutchula nkhani yake polimbitsana mtima. Ine ndinaiwerenga ndikuganiza za achemwali anga, amene mawondo akuwavuta kale, ndi za mtunda wa pa basi wochoka kuno kukafika ku Johannesburg.

Ndiye bwanji osangochotsa? Aliyense pa banja anafunsa funso limeneli, ine ndemwe. Njira zilipo zitatu. Dokotala akhoza kutsegula chigaza n'kuchotsa chimtolo chonse, ndipo zikayenda bwino chiopsezo chimatha tsiku lomwelo. Akhoza kudzera m'kachubu kaja n'kuthira zomata zotseka mitsempha, njira imene kawirikawiri imangochepetsa, siimaliza yokha. Kapena akhoza kuomba cheza champhamvu kuchokera mbali zambiri chokakumana pamalo amodzi, monga amachitira makina a Gamma Knife amene Lars Leksell anayambitsa ku Stockholm. Pamenepo mitsempha imatsekeka pang'onopang'ono pa zaka ziwiri kapena zitatu, m'zaka zimenezo chiopsezo chikadalipo, ndipo njirayi imagwira bwino pa ma AVM aang'ono, osapitirira masentimita 3. Mu 1986 Robert Spetzler ndi Neil Martin anakonza kawerengedwe ka malikisi kamene madokotala akugwiritsabe ntchito. Kukula kumapatsidwa 1 ngati sikufika masentimita 3, 2 ngati kuli pakati pa 3 ndi 6, ndi 3 ngati kwapitirira pamenepo. Amaonjezera 1 ngati chimtolocho chili pa mbali ya ubongo ya ntchito yaikulu monga kuyankhula, ndi 1 wina ngati magazi ake ena amatulukira m'mitsempha ya m'kati. Pa giredi 1 ndi 2 opaleshoni imayenda bwino kwa ambiri. Pa giredi 4 ndi 5 madokotala ambiri amaopa kugwirapo. Ya mwana wathu ndi masentimita atatu ndi theka, ndipo yatsamira mbali yoyankhulira: giredi 3, pakati penipeni, pamene madokotala okhaokha amatsutsana. Giredi imeneyi siyeza kuti AVM ili pafupi kuphulika kapena ayi. Imayeza kuopsa kwa mpeni. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Kwa nthawi yaitali zinkaoneka ngati zosachita kufunsa kuti chinthu chotere chikaoneka chichotsedwe. Kenako panabwera kafukufuku wotchedwa ARUBA, wotsogoleredwa ndi J. P. Mohr wa ku Columbia komweko, amene zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2014. Anatenga akuluakulu a m'maiko 9 amene AVM yawo inali isanakhepo, n'kuwagawa mochita maere: ena achitidwe kanthu pa chimtolocho, ena angopatsidwa mankhwala a khunyu kapena a mutu n'kumawayang'anira. Mwa 114 a gulu loyamba, 35 anadwala sitiroko kapena kumwalira. Mwa 109 a gulu lachiwiri, anali 11. Kusiyanako kunali kwakukulu moti anasiya kulemba odwala atsopano mu 2013, nthawi isanakwane. Madokotala ambiri a opaleshoni sizinawakomere, ndipo zina mwa zifukwa zawo n'zomveka. Odwalawo anawatsatira kwa miyezi 33 yokha pa avereji, chonsecho ngozi ya chithandizo imagwa yonse koyambirira, phindu lake n'kudzaoneka patapita zaka zambiri. Ndiponso amene anachitidwa opaleshoni yokhayokha, njira imene imachiza msanga, anali 5 okha. Atawatsatira mpaka miyezi 50, zotsatira za mu 2020 zinali zikadali mbali yomweyo. Koma miyezi 50 n'chiyani kwa munthu amene akuyembekeza zaka 50?

Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo nkhani ikakula mbumba imayang'ana kwa malume. Achemwali anandiuza mosapsatira: "Mwinimbumba ndinu, muuzeni achite opaleshoni. Chinthu choti achiona, achisiye bwanji m'mutu mwa mwana?" Tinamuimbira ya vidiyo tili pakhonde, foni titaitsamiritsa ku fulasiki ya tiyi. Ndinamuyalira masamu anga onse, 64 ndi 40 yemwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, monga mwana woleredwa bwino, kenako anati:

"Amalume, ndamva. Koma ntchito yanga ine ndi pakamwa. Tsiku lonse ndimayankha mafoni, Chingerezi, Chizulu, nthawi zina Chichewa akaimba akwathu. Adokotala anena okha kuti akalowa pamenepo mawu akhoza kupita, ndipo akapita adzapita tsiku lomwelo limene ndidzagone pa tebulo lawo. Zanu za zaka 50 zija zikhoza kubwera, zikhozanso osabwera. Ndiloleni ndiyambe ndayankhula kaye."

Achemwali anafunsa chimene chinali kumtima kwawo kuyambira kale, ngati mwana wawoyo adzabereke. Anawayankha kuti amayi ambiri a vuto limeneli amabereka, kuti akafukufuku sagwirizana ngati pakati pamakweza chiopsezo kapena ayi, ndiponso kuti adokotala anamuuza kuti akadzafuna mwana adzayambe wapita kukaonana nawo, chifukwa ngakhale mankhwala ena a khunyu amafunika kusintha mayi asanaime. "Ndiye mwamunayo mundipezere kaye, amayi," anatero, ndipo achemwali anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi chitenje.

Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Ndikanakhala ine, pa msinkhu wakewo, ndikanafunafuna dokotala amene wachita maopaleshoni otere ambirimbiri, n'kumufunsa manambala a manja ake, osati a m'buku, ndipo akanakhala abwino ndikanagona pa tebulopo. Koma ziopsezo ziwirizi sizilemera mofanana mumtima, ngakhale zonse timazilemba ndi peresenti. China n'chachikulu, chobwera kamodzi, pa tsiku limene wasainira wekha. Chinacho n'chaching'ono, chomwazika pa moyo wonse, ndipo chikadzagwa palibe woloza chala. Alipo anthu amene sangagone tulo akudziwa kuti m'mutu mwawo muli chinthu. Kwa iwo kudikirako ndi matenda ena paokha. Aliponso ena amene amatha kuchiiwalako n'kumapita ku ntchito. Chithunzi sichionetsa kuti wodwala ndi wa mtundu uti, ndipo malume naye, ngakhale anamulera, amangoganizira. Chimene ndinakana ndi kutenga umalume wanga n'kumukankhira nawo ku fiyeta. Akanadzuka wosayankhula, mawu otayikawo sakanakhala anga. Ndinawauza achemwali kuti kudikira dokotala akukuyang'anira si kunyozera, ndiponso si nzeru za mwana yekha, akafukufuku anaziona. Sanakhutire, koma anavomera.

Chimene chimandivuta tsopano n'china. Mwana wathu akusowa tulo ndi nambala chifukwa anagwera pafupi ndi makina. MRI imene inaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 inabwera ndi akafukufuku a malungo a mu ubongo, ndipo inathandiza kupeza kuti ana ambiri amene amafa ndi malungo amenewo ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri. Inali ntchito yaikulu. Koma makina otere m'dziko muno ndi owerengeka, ali m'mizinda, ndipo mnyamata wa kumudzi amene wayamba kugwa atakula kale nthawi zambiri amapatsidwa mapilitsi a khunyu n'kubwerera kwawo. Ambiri mwa otere alibe AVM ayi. Matendawa ndi osowa, amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 100,000 pa chaka, ndipo zoyambitsa khunyu kwathu kuno n'zambiri: malungo, ngozi za pamsewu, tizilombo ta nyongolotsi ya nkhumba. Komabe pa maliro a wachinyamata amene anangoti "mutu, mutu" n'kugwa kumunda, pamene anthu ayamba kale kutsinana ndi kutchula maina a okalamba a m'mudzi, ine masiku ano ndimakhala ndikuganiza za mitsempha.

Pakali pano mwana wathu akumwa mankhwala a khunyu m'mawa ndi madzulo, ndipo sanagwenso. Anamuletsa kuyendetsa galimoto kwa kanthawi ndi kusambira padziwe ali yekha, BP amayezetsa pafupipafupi, fodya sasuta n'kale. Mnzake wokhala naye nyumba imodzi anauzidwa zoti aziyang'ana: mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi, kusanza, khosi kuuma, mbali imodzi kufooka, mawu kusokonekera, tulo tosadzutsika. Zikatero si za Panado kapena kudikira kuche, ndi za ambulansi ndi CT. Zithunzi zonse anaziika pa fulashi imene imakhala m'chikwama chake, ina anatumiza kuno ili m'kabati limodzi ndi mapepala a malo. Adokotala anati adzamujambulanso chaka chamawa, ndipo za opaleshoni sanazitaye. Akadzaona aneurysm kapena chipsera chatsopano cha magazi nkhani idzakambidwanso, ndipo iye wavomera kuti zikadzafika pamenepo adzamvera.